Musanagule Galimoto Yakale Yaliwiro

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Yakwananso nthawi ya pulogalamu yanu ya za galimoto. Lero tikambirana za galimoto zija zikamadutsa aliyense amacheuka, zogwada pansi, zamkokomo wochititsa nthumanzi, zothamanga kwabasi. Tikunena za Mazda RX-8, Subaru Impreza WRX, Nissan Fairlady Z, Toyota Altezza ndi zinzake. Achinyamata ambiri amene ayamba kugwira kandalama akumaziona pa intaneti zili pa mtengo wotsika modabwitsa, mwina kutsika kuposa ka Vitz katsopanoko. Mtima umagunda ndithu. Koma kodi munthu akaigula, imafuna ndalama zotani kuti iziyenda? Nanga ungaidalire tsiku ndi tsiku? M'situdiyo muno ndili ndi bambo amene ntchito yawo ndi yokonza galimoto, ndipo injini zoterezi zadutsa m'manja mwawo. Takulandirani, bambo.

MAKANIKO: Zikomo kwambiri, mayi. Ndipereke moni kwa omvera onse. Ndineneretu kuti ine galimoto zimenezi ndimazikonda, ndipo sindinabwere kudzazinyoza. Zinapangidwa ndi anthu aluso. Chimene chimandiwawa n'kuona galimoto yabwino itakhala pa njerwa kuseri kwa nyumba, udzu ukumera pansi pake, chifukwa mwiniwake anawerengera ndalama yogulira yokha osawerengera yosamalira.

WOULUTSA: Tiyambire pa mtengo pomwepo. N'chifukwa chiyani zimatchipa chonchi ku Japan?

MAKANIKO: Ku Japan kuli lamulo loti galimoto iziyesedwa ngati ili yoyenera pamsewu. Amati shaken. Yatsopano imayesedwa ikatha zaka 3, kenaka zaka 2 zilizonse, ndipo ndalama zake si zochepa. Komanso galimoto ya petulo ikapitirira zaka 13, msonkho wake wapachaka umakwera. Ndiye mwiniwake amakhala pansi n'kuwerengera: matayala atha, kilatchi yayamba kutereza, mashoko afooka, shaken yayandikira. Amaona kuti kuli bwino aigulitse. Tikamaigula ifeyo, timagula pamodzi ndi ntchito zonse zimene iye anazithawa zija. Mtengo umene mukuuona pa intaneti ndi wa galimoto yokha, koma m'mbuyo mwake muli ngongole ya sevisi imene muilipire ndinu.

Kenaka iyende pa sitima kufika ku Dar es Salaam, idzalowe pa Songwe, mulipire msonkho ku MRA. Msonkhowo umatengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndiye yakale yokhala ndi injini yaikulu ngati Fairlady Z, imene ili ndi malita 3.5, siikukomerani pamenepo. Pamwamba pake pali kulembetsa, inshuwalansi ndi COF. Mukafika nayo pakhomo m'thumba muli mbee, ndipo m'pamene galimotoyo imayamba kupempha.

WOULUTSA: Mwa zonsezi, imene anthu amaitchula kwambiri pa nkhani ya mavuto ndi RX-8. Ili ndi chiyani chapadera?

MAKANIKO: Imeneyo tiyeni tiikhalire pansi, chifukwa ikutiphunzitsa zambiri. Mazda anapanga RX-8 kuyambira 2003 mpaka 2012. Injini yake ilibe mapisitoni okwera ndi kutsika monga tinazolowera. Ndi injini ya rotary, imene anaiyambitsa katswiri wa ku Germany, Felix Wankel. M'kati mwake muli zitsulo ziwiri za ngodya zitatu zimene zimazungulira m'chipinda chobulungira motalikirapo. Pozungulirapo zimakoka mpweya ndi petulo, kufinya, kuyatsa, n'kutulutsa utsi. Ndi injini yaing'ono, yopepuka, yosanjenjemera, ndipo ina mwa mitundu yake imazungulira mpaka ka 9,000 pa mphindi. Mazda anapambana ndi injini ya mtundu umenewu pa mpikisano wa maola 24 wa ku Le Mans ku France m'chaka cha 1991. Choncho si chinthu chachabe ayi.

Koma pa nsonga iliyonse ya chitsulo cha ngodya zitatu chija pali kachitsulo kopyapyala kotchedwa apex seal, kamene kamakhula khoma la chipindacho nthawi zonse kuti mpweya usathawe. Moyo wa injini yonse wagona pa tizitsulo timeneti. Kuti tisaperepeseke msanga, injiniyo inapangidwa kuti izidontheza oyilo m'chipinda choyakira moto. Ndiye RX-8 yabwinobwino imadya oyilo mwadala. Si kuwonongeka, ndi mmene inabadwira. Munthu wozolowera Corolla, amene amatsegula boneti pa tsiku la sevisi lokha, akachita chimodzimodzi ndi RX-8, oyilo amatsika iye osadziwa. Ine ndimalangiza kuti mukathira petulo kawiri, kachitatu kasanakwane solani kandodo koyezera oyilo muone, ndipo botolo la oyilo lisamachoke m'buti.

WOULUTSA: Ndinamvapo kuti galimoto imeneyi imatha kukana kulira m'mawa popanda chifukwa chooneka.

MAKANIKO: Chifukwa chimakhalapo. Tiyerekeze Loweruka m'mawa. Mwailiza, mwaitulutsa m'galaja kufika pa mpopi kuti muitsuke, mamita ochepa chabe, n'kuizimitsa. Injini ikadali yozizira, ndiye kompyuta inali ikuthira petulo wambiri. Petulo uja sanapse yense. Watsalira m'chipinda, wanyowetsa mapulagi, watsuka oyilo amene amathandiza tizitsulo tija kutseka mpweya. Mwamaliza kutsuka, mwapotokola kiyi: sitata ikungozungulira mopepuka, fungo la petulo lili guu, injini osagwira. Mukalimbikira, batire limatha. Nthawi zina zimatheka kuiliza popondereza phazi pa moto mpaka pansi uku mukupotokola kiyi, chifukwa zikatero kompyuta imadula petulo. Zikakanika, timachotsa mapulagi n'kuumitsa. Lamulo lake n'losavuta: mukailiza, isiyeni itenthe musanaizimitse.

Ndiponso ili ndi mapulagi 4 ndi makoyilo 4, ndipo mapulagi ake ndi apadera, simungaikemo alionse. Makoyilo akafooka, petulo sapsa bwino, amakapsera mu catalytic converter ya ku ekizozi, n'kuiwononga. Ikatsekeka, kutentha kumabwerera ku injini. Mwaona mmene vuto la kachipangizo kamodzi limakokera linzake mpaka kufika pa injini yonse? Ku America madandaulo anachuluka moti Mazda anawonjezera chitsimikizo cha injini za RX-8 zoyambirira kufika zaka 8 kapena mamailosi 100,000. Kuno kwathu chitsimikizo chimenecho palibe. Injini ikafa, muitanitse ina kunja kapena mupeze munthu wodziwa kuiphwasula, ndipo amakaniko odziwa rotary ndi owerengeka.

WOULUTSA: Komatu pa pepala injini yake ndi ya malita 1.3 okha, ngati ya Demio. Si ndiye kuti imasunga mafuta?

MAKANIKO: Apo m'pamene ambiri amapusitsika. Pa pepala ndi 1,308 cc, koma m'tauni imayenda makilomita 6 kapena 7 pa lita. Tiyeni tiwerengere limodzi. Tinene kuti mumayenda makilomita 30 pa tsiku kupita ndi kubwerera ku ntchito, masiku 22 pa mwezi. Amenewo ndi makilomita 660. Pa makilomita 7 pa lita, mufunika malita 94. Mnzanu wa kagalimoto koyenda makilomita 14 pa lita afunika malita 47. Chulukitsani ndi mtengo wa petulo umene MERA yalengeza, muone kusiyana kwake pa mwezi, kenaka pa chaka. Ndipo nthawi imene mafuta asowa, wa thanki yosachedwa kuuma ndiye amagona pa mzere kawirikawiri.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukambirana za ndalama zosamalira galimoto zakale zaliwiro, ndiponso ngati munthu angazidalire. Bambo, tibwere ku Subaru. Anyamata ambiri amati imeneyo ndi yolimba chifukwa inakulira m'fumbi.

MAKANIKO: Akunena zoona mbali ina. Impreza WRX inatuluka m'chaka cha 1992, ndipo Colin McRae wa ku Scotland anakhala katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wa rally mu 1995 akuyendetsa Impreza. Imakoka ndi matayala onse 4, ndipo pa msewu wadothi kapena wonyowa imagwira bwino zedi. Koma galimoto za pa mpikisano zija zimakhala ndi gulu la amakaniko ozidikirira pa malo opumira alionse. Yanu ilibe gululo.

Pali zinthu zitatu zofunika kuzisamala pa WRX. Choyamba ndi lamba wa timing. Amayenera kusinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, kapena akakalamba ngakhale mtunda usanakwane. Pa injini imeneyi lambayo akaduka, mapisitoni amamenya mavavu, ndipo ntchito imene ikanatha tsiku limodzi imasanduka yotsitsa injini. Posintha musamasinthe lamba yekha. Sinthaninso pampu ya madzi ndi timawilo tonse timene lambayo amadutsapo, chifukwa kamodzi kakagwira, lamba watsopano uja adukanso.

Chachiwiri ndi turbo. Imazungulira mothamanga kwambiri pa moto woopsa, ndipo chimene chimaiteteza ndi oyilo. Imafuna oyilo wabwino, wosinthidwa msanga, ine ndimati pa makilomita 5,000 alionse. Oyilo wopungulidwa m'zigubu zosadziwika pamsika ndi amene wapha ma turbo ambiri. Mukathamanga ulendo wautali, musazimitse nthawi yomweyo. Isiyeni ilire mphindi imodzi kapena ziwiri kuti izizire.

Chachitatu ndi matayala. Popeza onse 4 amakoka, ayenera kukhala ofanana saizi ndi kathedwe. Chizolowezi chathu chogula tayala limodzi lakaunjika lero, lina mwezi wamawa, chimavutitsa magiya ogawa mphamvu pakati pa mawilo akutsogolo ndi akumbuyo. Pa Subaru, matayala amagulidwa onse pamodzi.

WOULUTSA: Nanga petulo wathuyu amagwirizana nazo?

MAKANIKO: Funso lofunika kwambiri limenelo. Zambiri mwa galimoto zimenezi ku Japan zinapangidwira petulo wapamwamba, wa okiteni wokwera, wosayaka msanga akafinyidwa. Kuno pa filing'i siteshoni timapeza petulo wa mtundu umodzi. Injini ya turbo ikakakamizidwa dzuwa lili phwee pa mtunda ngati wa Chiweta, petulo amatha kuphulika nthawi yake isanakwane. Mumamva kaphokoso ngati timiyala tikugubuduzika m'chitini. Kompyuta imayesetsa kudziteteza pochepetsa mphamvu, koma zikapitirira, pisitoni imang'aluka. Mukamva kaphokoso kameneko, chotsani phazi. Komanso petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa. Pa galimoto yakale kwambiri, ndi bwino kuona mapaipi a labala odutsa petulo ngati sanaume kapena kufewa.

WOULUTSA: Mwatchula mapiri, koma vuto lalikulu la misewu yathu ndi maenje ndi mahampu.

MAKANIKO: Eya, mayi. Galimoto ngati RX-8 kapena Fairlady Z imatalikira pansi ndi masentimita 12 kapena 13 okha, pamene pikapu imapitirira 20. Ena amazitsitsanso kuti zioneke bwino. Pa hampu imakhula mimba. Tsiku lina mwala umaboola sampu, oyilo n'kutayikira mumsewu, ndipo ngati woyendetsa sanaone kanyali kofiira, pakangopita mphindi zochepa injini yanoka. Matayala ake ndi opyapyala m'mbali, pa marimu a mainchesi 17 kapena 18. Akagwa m'dzenje, tayala limatupa chotupa kapena rimu imapindika. Pa Fairlady Z akutsogolo ndi akumbuyo amasiyananso saizi, ndiye simungawasinthanitse kuti athere limodzi. Yesani kusaka tayala la saizi imeneyo litakuphulikirani pakati pa Ntcheu ndi Balaka, mudzaona kusowa kwake.

Onjezani ukalamba. RX-8 yomaliza yeniyeni inapangidwa mu 2012, Altezza inasiya kupangidwa mu 2005. Labala ndi pulasitiki zimakalamba ngakhale galimoto isakuyenda. Mabushi amang'aluka, mapaipi a madzi amauma, mutu wa rediyeta umasweka. Galimoto yosonyeza makilomita ochepa siipulumuka ku zimenezi. Ndipo ndichenjeze za madzi: m'rediyeta musamathire a pampopi okhaokha. Thirani coolant. Injini ya rotary ikangowira kamodzi, malabala otseka madzi m'kati mwake amatha kupsa, ndipo kuwafikira n'kuphwasula injini yonse.

WOULUTSA: Zikumveka ngati zonse ndi mavuto okhaokha. Kodi palibe yodalirika pakati pawo?

MAKANIKO: Zilipo. Mazda MX-5, imene ku Japan amaitcha Roadster, inatuluka mu 1989 ndipo pofika 2016 anali atapanga zokwana 1 miliyoni. Injini yake ndi ya mapisitoni 4, yosavuta, makaniko aliyense wodziwa ntchito angaikonze. Mdani wake wamkulu ndi dzimbiri, makamaka imene inakhala kumadera a chipale kumene amathira mchere m'misewu. Altezza nayonso ili ndi mwayi wake. Ilipo mitundu iwiri ikuluikulu. RS200 ili ndi injini ya 3S-GE imene Toyota anapanga mothandizana ndi Yamaha, ndipo ndiyo yothamanga kwambiri. AS200 ili ndi injini ya 1G-FE ya mapisitoni 6, yomwenso inali mu Mark II, Cresta ndi Chaser. Ndiye masipeya ake mukhoza kuwapeza kwa ophwasula galimoto ku Biwi kapena ku Ndirande osadikira ndege.

Apa m'pamene pali phunziro lalikulu. Kudalirika kwa galimoto yakale kuli pa zinthu zitatu: mmene inapangidwira, mmene eni ake akale anaisamalira, ndi ngati masipeya ndi makaniko wake alipo pafupi. Dzina lokha silikwanira. Altezza imene inkazunzidwa pozungulitsidwa pa bwalo mpaka matayala kufuka utsi ingakuvuteni kuposa RX-8 ya munthu wosamala. Ndipo sipeya imene muyenera kuitanitsa ku Japan, ku Dubai kapena ku Johannesburg imagulidwa ndi ndalama zakunja. Tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo mitengo ya masipeya inakwera nthawi yomweyo. Galimoto imatha milungu ili pa galaja ikudikira kachipangizo kokwana m'dzanja.

WOULUTSA: Tsono pali womvera amene wamva zonsezi koma mtima wake sunasinthe, akuifunabe. Achite chiyani asanapereke ndalama?

MAKANIKO: Ameneyo ndimulemekeza, ndipo ndimuthandiza. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, choncho asakopeke ndi penti ndi marimu. Ngati galimotoyo ili kale kuno, apite ndi makaniko wake, osati wa wogulitsa. Apemphe kuti akaipeze injini ili yozizira, chifukwa yotenthetsedwa kale imabisa zambiri. Aone utsi: wabuluu ndi oyilo, woyera wosatha ndi madzi. Atsegule chivundikiro cha oyilo. Akapeza zoyera ngati chambiko zambiri, afufuze ngati madzi sakulowa mu oyilo. Agone pansi aone dzimbiri, modontha, ndi mmene munawotcheredwa pambuyo pa ngozi.

Pa RX-8 pali kayesedwe kapadera. Iyendetseni mpaka itenthe bwinobwino. Imani, zimitsani, dikirani mphindi zingapo, kenaka lizani. Yamoyo imagwira nthawi yomweyo. Ikamazungulira nthawi yaitali isanagwire pamene m'mawa inalira bwino, dziwani kuti mpweya ukuthawa, tizitsulo tija tatha. Chotsimikizira ndi kuyeza compression ndi makina oyezera rotary, amene amaonetsa mbali zonse zitatu za chitsulo chilichonse. Wogulitsa akakana kuti muyeze, bwererani ndi ndalama zanu.

Ngati mukuitanitsa ku Japan, pemphani pepala la ku okushoni. Chilembo R pa pepalalo chimasonyeza kuti galimotoyo inakonzedwapo pambuyo pa ngozi. Satifiketi yotulutsira galimoto m'dziko la Japan imalembedwanso makilomita amene inali nawo pa shaken. Yerekezani ndi amene ali pa dashibodi, chifukwa alipo ena amabweza manambala. Pewaninso imene inasinthidwasinthidwa kuti iwonjezere mphamvu. Ekizozi yaikulu ndi kompyuta yoseweretsedwa zimakuuzani mmene mwini wake ankaiyendetsera.

WOULUTSA: Nanga pa nkhani ya ndalama, adzikonzekeretse bwanji?

MAKANIKO: Asathere ndalama zonse pogula. Langizo langa n'lakuti ngati muli ndi ndalama yongokwana kugula ndi kulipira msonkho, nthawi yanu siinakwane. Pakhale ina yapadera yochitira sevisi yaikulu galimotoyo ikangofika: oyilo wa injini, wa giyabokosi ndi wa difu, mafyuluta onse, mapulagi, coolant, mafuta a mabuleki, lamba wa timing ngati ili naye, ndi matayala ngati ali okalamba. Musakhulupirire kuti zinachitika kale popanda pepala losonyeza. Kenaka mwezi uliwonse muziika kena pambali, ngakhale galimoto ili bwino, chifukwa tsiku la kilatchi kapena turbo lidzafika ndithu. Musanagule, funsani mitengo ya zinthu zinayi: seti ya matayala, kilatchi, mashoko, ndi injini ina. Mukamva mitengoyo mtima wanu n'kukhalabe m'malo, mukhoza kupitiriza.

Ndipo ndinene mosabisa: galimoto yotere isakhale yokhayo pakhomo ngati ndiyo yoperekera ana kusukulu, yonyamulira chimanga kumudzi ndi yothamangira kuchipatala usiku. Isagulidwenso pa ngongole ya katapila. Mabuleki ndi matayala musamachitepo zotchipa, chifukwa galimoto yothamanga imafuna kuima bwino kuposa ina iliyonse. Misewu yathu timagawana ndi akabaza, ana asukulu, amayi osenza mitolo ndi ziweto. M1 si bwalo la mpikisano.

WOULUTSA: Mawu omaliza kwa omvera, bambo.

MAKANIKO: Galimoto yakale yaliwiro ikhoza kukutumikirani zaka zambiri ndi kukusangalatsani, koma imafuna mwini wake woleza mtima, wokonda kutsegula boneti, wosunga malisiti a sevisi, wokhala ndi makaniko mmodzi womudalira. Musadzifunse kuti kodi ndingathe kuigula. Dzifunseni kuti kodi ndingathe kuisamala chaka chino, chaka chamawa ndi chinacho, osamana banja langa. Yankho likakhala eya, gulani ndipo muisamale. Likakhala ayi, dikirani, sungani ndalama, phunzirani zambiri za mtundu umene mukuufunawo.

WOULUTSA: Omvera, ngati muli ndi galimoto ya mtundu umenewu, tilembereni mutiuze zimene mwakumana nazo, kuti ena aphunzirepo. Sabata yamawa tidzakambirana za mmene mungazindikirire masipeya achinyengo pamsika. Mangani lamba, yendetsani mosamala, ndipo musayendetse mutamwa mowa. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)